Akangoti "wachamba uja wabwera," namwino achite chiyani?

Kalata ya ulendo uno yachokera kwa namwino amene watha miyezi isanu ndi itatu pa chipatala chaching'ono cha kumudzi. Dzina lake ndi la malowo tasunga. Walemba motere:

"Bambo, ndithandizeni nzeru. Kuno munthu wodwala matenda a maganizo kapena womwa mowa kwambiri akafika, anzanga amayamba kukodolana. Mumva wina akuti 'kasitomala wako uja wabwera,' wina 'wachamba uja.' Mwezi watha anabwera ndi bambo wina wodziwika ndi kachasu, akunjenjemera, thukuta lili kamukamu. Achibale anauzidwa kuti apite naye kunyumba akagone mowa uthe. M'mawa mwake anabwera naye pa ngolo atakomoka, tinachita kumutumiza ku boma. Palinso mayi wina amene anatuluka ku chipatala cha matenda a maganizo cha ku Zomba, mankhwala amakatengera ku chipatala chakutali poopa kuonedwa kuno. Zimandiwawa, koma ndine wamng'ono pantchito, ndiponso kunena zoona nanenso odwala otere ndimawaopa. Ndiyambire pati?"

Anamwino, zikomo chifukwa cha kalata yanu, makamaka mawu omalizawo. Ambiri amene amandilembera za nkhaniyi amaloza anzawo chala, eni ake n'kudziika pambali. Inu mwavomera kuti mumaopa. Inenso ndinkaopa. Tsiku langa loyamba mu wodi ya odwala matenda a maganizo, ndili wophunzira, ndinatha m'mawa wonse nditaima pafupi ndi chitseko, maso ali pa loko. Anandichotsa pamenepo ndi wodwala wina, mphunzitsi wopuma pantchito, amene anandiitana kuti ndimuwerengere kalata ya mwana wake poti magalasi ake anali atasweka. Papita zaka zoposa 20 chiyambire ntchitoyi, ndipo ndikukutsimikizirani kuti mantha amenewa amatha mukazolowerana ndi anthuwo.

Anzanuwonso musafulumire kuwayesa ouma mtima. Tonsefe tinakulira m'midzi momwe wodwala chonchi ana amamugenda, akuluakulu n'kumanong'onezana kuti analakwitsa chizimba pofuna kulemera, kapena kuti achibale anamulodza chifukwa cha nzeru za m'kalasi. Yunifomu sichotsa zimenezi m'mutu. Tili pasukulu timapita ku Zomba masabata owerengeka, ndipo kumeneko timakaona okhawo amene matenda afika povuta, n'kubwerako ndi chithunzi chimodzi, cha munthu wolongolola, womangidwa manja. Onjezanipo mzere wofika pa mtengo wa mango, wogwira ntchito mmodzi, mankhwala kulibe. Munthu akakumana ndi vuto limene sakudziwa pogwira, chapafupi ndi kuliseka kapena kulibweza. Pa mowa ndi chamba pamabweranso mawu aja akuti "wadzichititsa yekha." Komatu wa njinga yamoto amene wagwa chifukwa cha liwiro timamusoka osafunsa zambiri, ndipo wa shuga amene sasiya zotsekemera timamupatsabe mankhwala.

Tikhalepo kaye pa bambo wa kachasu uja, chifukwa nkhani yake ikuonetsa kuti kusala odwala kumapha. Munthu amene wakhala akumwa tsiku ndi tsiku kwa zaka, thupi lake limazolowera mowa mwakuti akausiya mwadzidzidzi, kaya ndalama zatha, kaya wadwala malungo, kaya wagona m'chitokosi, ubongo umasokonekera. Pakapita maola 6 mpaka 24 chimwere, manja amayamba kunjenjemera, thukuta kutuluka, mtima kuthamanga, nseru, tulo osabwera. M'masiku awiri oyamba akhoza kugwa ngati wa khunyu. Tsiku lachiwiri mpaka lachinayi ena amabalalikiratu, kumaona tizilombo tikuyenda pakhoma, thupi kutentha, ndipo apa munthu akhoza kumwalira. Ndiye amene akunjenjemera chonchi nthawi zambiri sanaledzere ayi, mowa wamuthera m'thupi. Kumuuza kuti akagone mowa uthe kuli ngati kuuza wotsekula m'mimba kuti akadikire madzi athe.

Amafunika zomwe mumachitira wodwala aliyense: BP, kugunda kwa mtima, kutentha kwa thupi, shuga, kuyeza malungo, ndi kumusisita m'mutu kuona ngati muli bala kapena chotupa, paja anthu akumwa amagwa pafupipafupi. Shuga wotsika amafanana kwambiri ndi kuledzera, chonsecho amakonzeka ndi glucose m'mphindi zochepa. Womwa nthawi yaitali amasowa vitamini B1, thiamine, choncho ngati muli naye mupatseni pamodzi ndi glucose uja. Diazepam ndi amene amaziziritsa kunjenjemera ndi kuteteza kugwa, potsata mlingo wa m'buku la malangizo a Unduna wa Zaumoyo, koma saperekedwa kwa munthu amene adakali chiledzerere kapena akupuma movutikira. Akamatsokomola musaiwale TB, imawakonda kwambiri anthu amenewa. Fungo la kachasu pakamwa limangokuuzani kuti munthu anamwa, silikuuzani chimene akudwala.

Zomwezi zimawagwera amene m'buku mwawo munalembedwa kuti anagonako ku Zomba. Akabwera ndi chifuwa timati ndi maganizo, akati m'mimba mukupweteka timati "ayambapo." Ndinaonapo mayi wina amene anabwera katatu akudandaula za m'mimba, katatu konse n'kuwonjezeredwa mankhwala a mutu, mpaka mzamba wina anamugoneka pabedi n'kupeza kuti ali ndi pakati pa miyezi isanu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu odwala matenda aakulu a maganizo amamwalira msanga ndi zaka 10 mpaka 20 poyerekeza ndi anzawo, ndipo amene amawatenga kwambiri ndi matenda a m'thupi omwe aja, a mtima, shuga ndi a m'chifuwa, amene akanatha kupezeka nthawi ilipo. Makolo anati wamisala anaona nkhondo. Ine mwambiwu ndimaumva mwachipatala: akakuuza kuti apa pakupweteka, pagwire. Ndipo munthu amene dzulo anali bwinobwino lero wabalalika mwadzidzidzi, muyambe mwamuganizira malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi, shuga ndi HIV musanatchule za Zomba.

Tsopano za pakamwa. "Wamisala," "wopenga," "chidakwa," "wachamba." Mawu amenewa amatenga munthu yense, ana ake ndi munda wake womwe, n'kumusandutsa matenda. Sindikuti muyambe kulankhula Chichewa cha m'mabuku chimene wodwala sangamve. Munthu ali ndi dzina ndi mfunda wake, muitaneni monga mumaitanira wa BP. Wina akati "kasitomala wako wabwera," inu yankhani mofatsa kuti, "Oo, a Phiri afika? Alowe." Osakalipa, osalalikira. Mukapitiriza sabata ndi sabata, mudzadabwa tsiku lina kumva mlonda nayenso akuti "a Phiri afika." Akalowa, tsekani chitseko ndipo funso loyamba lipite kwa mwini wake, osati kwa gadiyani ngati kuti wodwalayo palibe. Samalaninso zimene mukulemba m'buku lake. Bukulo limapita kunyumba, amaliwerenga apongozi, mwamuna, nthawi zina bwana wa kuntchito. Lembani zimene mwapeza ndi zimene mwapereka. Mawu achipongwe olembedwa ndi zilembo zazikulu pamwamba pa tsamba amamutsatira munthu ku chipatala chilichonse chimene angapite.

Mayi wokatengera mankhwala kutali uja akundikumbutsa zimene tinaona ma ARV aulere atangoyamba mu 2004. Anthu ankakwera minibasi kudumpha zipatala ziwiri zitatu kuti asaonedwe pa khomo lodziwika lija. Zinayamba kusintha anthu ataona odwala akunenepa n'kubwerera kumunda, ndiponso ena atalimba mtima n'kuyamba kunena poyera. M'zipatala zambiri zazing'ono, odwala maganizo ndi a khunyu ali ndi tsiku lawo pamwezi, limene namwino wa matenda a maganizo amabwera kuchokera ku boma. Tsikuli lili ndi ubwino wake, poti katswiri amakhalapo ndipo amabwera ndi mankhwala. Koma mudzi wonse umadziwa kuti amene wakhala pa benchi ija tsiku limenelo ndi "wa mutu." Ine ndimaona kuti tsikulo lingamakhale la odwala atsopano ndi amene zikuwavuta. Amene ali bwino azibwera tsiku lililonse, kuima pa mzere wa aliyense, kulandirira pa windo la aliyense. Izi sizilira ndalama, zimangofuna kuti woyang'anira chipatala chanu agwirizane ndi a ku boma kuti mankhwala ena azitsala kwa inu.

Pali china chimene ambiri sachiganizira. Zina mwa zizindikiro zimene anthu amadziwira "wamisala" panjira zimachokera ku mankhwala athu omwe. Chlorpromazine, haloperidol ndi jakisoni wa pamwezi wa fluphenazine, mlingo ukachuluka, amaumitsa thupi. Munthu amayenda chowuma, manja osagwedera, dovu likuchucha, masana onse ali m'tulo. Mnyamata amene akusekedwa pamsika chifukwa cha kayendedwe kotere adzasiya mankhwala, ndipo ine sindingamudzudzule. Muzifunsa za zimenezi ulendo uliwonse. Mukaziona dziwitsani wa ku boma kuti achepetse mlingo kapena awonjezere benzhexol, amene ambiri timamudziwa kuti Artane. Munthu akayamba kuoneka ngati wina aliyense, theka la miseche limatha lokha.

Pa nkhani ya mowa, njira imene ndaona ikugwira ntchito ndi yofunsa aliyense. Mukamafunsa okhawo onunkha kachasu, funsolo limamveka ngati mlandu. Mukamafunsa wa BP, wa ma ARV, mayi wa sikelo, abusa ndi amfumu omwe, limasanduka ngati funso loti "mukudya bwanji?" Musafunse kuti "mumamwa?" poti yankho lake ndi lodziwika kale: "pang'ono." Funsani kuti pa sabata amamwa masiku angati, amamwa chiyani, botolo lalikulu bwanji, ndipo m'mawa asanalawe manja amakhala bwanji. Muzifunsanso achinyamata. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti, koma mowa waukali womwewo unangosamukira m'timabotolo, ndipo ana asukulu akuupeza.

Munthu akakuuzani zoona, mawu anu oyamba asakhale "siyani." Zimenezo mkazi wake wamuuza kale kambirimbiri. Mufunseni chimene mowa wamulanda ndi chimene akufuna chibwerere, kaya ndi njinga imene anapinyolitsa, kaya ndi mwana amene anasiya kumulankhula, kenako mugwirizane poyambira. Amene wamwa kwambiri kwa zaka asasiye lero ndi lero ali yekha kunyumba, pa chifukwa chomwe ndafotokoza chija. Akasiya miyezi itatu n'kuyambiranso, dziwani kuti matendawa ndi mmene amakhalira, monga BP imatsika n'kukweranso. Mulandireni nkhope ili yomasuka, chifukwa akachita manyazi kubwerera kwa inu, kotsala kopita ndi ku shabini.

Chamba chili ndi vuto lake lapadera. Lamulo la mu 2020 linalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa amene ali ndi chilolezo, koma kusuta n'koletsedwabe. Mnyamata sangakuuzeni kuti amasuta ngati akuganiza kuti mawa zimveka kupolisi kapena kwa bambo ake. Muuzirenitu kuti zokambidwa m'chipindamo zithera momwemo, pokhapokha ngati moyo wa munthu uli pangozi. Chamba chikhozadi kuyambitsa kapena kukulitsa matenda osokonekera mutu, makamaka kwa amene anayamba ali aang'ono ndipo amasuta tsiku ndi tsiku. Koma si wodwala aliyense amene anasutapo, ndipo kuuza mayi kuti mwana wake "ndi chamba basi" tisanafufuze ndi ulesi chabe.

Odwala maganizo ambiri pa chipatala chanu simukuwaona n'komwe, poti salongolola. Ndi mayi uja wabwera kachisanu ndi mutu, mtima kuthamanga, thupi lonse kuphwanya, malungo osapezeka, ife n'kumangomupatsa panado. Mukamufunsa ngati ali ndi matenda a maganizo akana, mwinanso akwiya. Mufunseni kuti, "Mayi, kodi mukuganiza kwambiri masiku ano? Tulo mukupeza?" muona misozi. Ku Harare, Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench pogwiritsa ntchito mawu achishona akuti kufungisisa, komwe ndi kuganiza kwambiri komweku, ndipo amene amakhala pa benchi kumvetsera anthu ndi agogo aakazi ophunzitsidwa, osati madokotala. Musaope kufunsa mwachindunji ngati munthu waganizapo zochotsa moyo wake. Funsoli silimuika maganizowo m'mutu, ambiri amapuma mpweya wa m'munsi kuti wina wafunsa. Abambo muziwafunsa dala, poti malipoti a apolisi chaka ndi chaka amaonetsa kuti ambiri mwa odzipha m'dziko muno ndi amuna, amene sabwera n'komwe kudzadandaula.

Nanga inu wamng'ono pantchito, anzanu muwatani? Paja amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumoko mukakatulutsira pagulu mudula nako ubale. Musadzudzule mnzanu pamaso pa odwala kapena pa gulu la WhatsApp. Nkhani ya bambo wa kachasu itengereni ku lipoti la m'mawa ngati funso: "Akadzabweranso wotere, tizichita chiyani?" Osatchula amene anamubweza, mwini wake akudziwa kale ndipo mwina zikumudya mumtima. Pemphani kuti namwino wa ku boma akabwera atsalire theka la ola kukuphunzitsani nonse, pamodzi ndi mlonda, okolopa, wolemba mayina ndi alangizi a zaumoyo, chifukwa wodwala asanafike pa tebulo panu amakhala atadutsa kale m'manja mwa amenewa. Funsaninso za buku la mhGAP, limene WHO inatulutsa koyamba mu 2010 kuti ogwira ntchito amene si akatswiri a matenda a maganizo azitha kuzindikira ndi kuthandiza matendawa pa zipatala ngati zanuzo.

Chimene chimatembenuza mitima kuposa maphunziro ndi kukumana ndi munthu amene anadwala n'kupeza bwino. Akatswiri amene magazini ya zachipatala ya The Lancet inawasonkhanitsa anafika pa mfundo yomweyi mu 2022, ataunika kafukufuku wa m'maiko ambiri. Ife odwala timawaona tsiku limene zavuta, akachira sitiwaonanso, ndiye timakhulupirira kuti sachira. Bungwe la MeHUCA, la anthu amene adwalapo matendawa ndi owasamalira, mukhoza kulifunsa ngati pali munthu wofuna kudzalankhula nanu. Akhale wofuna yekha, alankhule zimene iye wasankha, ndipo akhale nanu pa mpando ngati mlendo wolemekezeka, osati chionetsero. Maguba ndi mapositala a pa 10 October, tsiku lokumbukira umoyo wa maganizo padziko lonse, sindiwanyoza, koma ndaona anthu atavala malaya a tsikulo akubweza wodwala pa geti mawa lake.

Za asing'anga ndi mapemphero ndinena mwachidule. Achibale akaulula kuti anayambira kumeneko, musawakalipire, apo ayi ulendo wina sadzabwera. Auzeni kuti apemphere ndithu, koma mankhwala asasiye, munthu asamangidwe unyolo, ndipo asamusalitse kudya. Pa khunyu, bwerezani mosatopa kuti sapatsirana kudzera m'thovu. Chikhulupiriro chimenechi n'chimene chimachititsa anthu kuthawa m'malo momuchotsa mnzawo pamoto.

Mantha anu aja ali ndi pena pamene ndi oyenera. Odwala ambiri sachita ndewu, kawirikawiri ndi iwo amene amamenyedwa, koma wolusa amapezeka. Musakhale naye nokha, khalani mbali ya chitseko, chotsani masizasi patebulo. Balalitsani anthu oonerera, chifukwa gulu n'limene limamuwonjezera ukali. Alankhule munthu mmodzi, ndi mawu apansi, momutchula dzina. Mupatseni madzi akumwa ndi pokhala. Mudzaona kuti ambiri amene amabwera atamangidwa zingwe amafatsa akangomasulidwa ndi kufunsidwa chimene chachitika.

Pali ena amene musawasunge pa chipatala chaching'ono. Amene wabalalika pamodzi ndi kutentha thupi, kuuma khosi kapena bala la m'mutu, womwa mowa amene wagwa kapena akuona zinthu zosaoneka, wa khunyu amene sakutsitsimuka, onsewa ndi a ambulansi kupita ku boma tsiku lomwelo. Chimodzimodzi amene wayesa kudzipha kapena wakonza kale njira yake: asatsale yekha ngakhale pang'ono, achibale achotse mankhwala a m'munda ndi a makoswe m'nyumba, ndipo amitriptyline, mankhwala a matenda a kukhumudwa, musamupatse wambiri nthawi imodzi, poti akamwedwa mopyola amapha. Mayi amene wabereka masabata awiri apitawa ndipo sakugona, akulankhula zosamveka kapena akumuopa mwana wake, ameneyo ndi wa changu ngati wotaya magazi. Wakana kudya ndi kumwa masiku angapo, nayenso apite. Chipatala cha boma n'chimene chimaona ngati munthu akufunika ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, komwenso amathandiza ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Polemba kalata yomutumizira, ikanimo BP, shuga ndi zotsatira za malungo, kuti a kutsogolo aone kuti munthuyo munamuyeza.

Ndisaiwale, mwa ife ogwira ntchito za chipatala alipo amene akumwa mowa mobisa, ena akumwa mankhwala a maganizo mwakachetechete. Nthabwala za "kasitomala wako" zija amazimva, n'kutsimikiza mumtima kuti sadzaulula kwa aliyense. Mwina mmodzi mwa oseka kwambiri pa chipatala chanupo ndi wotero.

Mayi wa mankhwala akutali uja musamutumizire mlangizi wa zaumoyo pakhomo masanasana, mungamuwonjezere chimene akuthawa. Akadzabwera ndi mwana ku sikelo kapena ndi chimfine, mukakhala awiriwiri, muuzeni kuti ngati ndalama yoyendera idzavute akhoza kudzatengera kwa inu, tsiku lililonse, pa windo la aliyense. Akakana, musamukakamize. Bola mankhwala akumwa, ndipo akudziwa kuti mwezi umene minibasi idzamukanike asadzakhale osamwa.